Mpando Wapakati wa a Pyo

A Pyo Deok-su sankakhulupirira munthu. Ukawapatsa moni wansangala, ankayamba kudzifunsa kuti ukufuna chiyani. Khalidwe lomweli ndi limene linawakweza. Akadali mlimi wa ndere za m'nyanja pachilumba chakwawo, anapirikitsa alendo ofuna kugula gombe, anthu n'kuti, "Wotiyimira ndi ameneyu." Anakhalitsa m'nyumba ya malamulo ya chigawo, osajomba pamaliro kapena paukwati, tsitsi lakuda bii lili lopesa bwino.

Ndiye kunamveka zoti chipatala cha pachilumba chitsekedwa. Kunamvekanso zoti dera lawo aliphatikiza ndi la Tak Min-cheol, phungu wachinyamata amene anamulera okha m'chipani. Aphungu awiri, mpando umodzi. Tak anatulukira kunyumba kwa a Pyo ndi botolo la mowa wa soju.

"Achimwene, mawa aphungu atatu a kunyanja tikameta mpala pakhomo pa likulu la chigawo pokana zotseka chipatala, aone kuti sitikuseka. Mpando wapakati ndi wanu."

"Wapakati? Bwanji osakhalapo iwe?"

"Akulu ndinu. Kapena mukuopa kuzizidwa m'mutu?"

Anaseka onse, koma a Pyo ankaseka ndi mano okha. Mlendo atapita, anayamba kuzungulira m'nyumba.

"Kamnyamata aka kakundikumbira dzenje," anauza akazi awo, a Yeom Sun-ja. "Makina akangodutsa pamutu panga, anzangawo adzuka ndi tsitsi lawo. Akuluakulu a chipani aona mpala wanga wokha, mpando n'kupatsa Tak."

"Abambo ake Ji-ho, mwana wathu anabadwira m'chipatala chimenechi. Tsitsi limamera."

"Iwe ndale sukuzidziwa."

M'mawa a Pyo anatumiza uthenga woti msana wawagwira, n'kudzifunditsa bulangete. Akazi awo anati akupita kumsika wa kumtunda ndi sitima yoyamba. Masana mkuluyo anatsegula wailesi yakanema, akunyambita milomo kuti aone chinyengo chikuululika.

Chinyengo chake chiti? Tak anali atametedwa kale theka la mutu, misozi ili chuchuchu. Phungu wachitatuyo chimodzimodzi. Pakati pawo mpando uli wopanda munthu, dzina la a Pyo lili pomwepo, dziko lonse likuwerenga. Kenaka m'khamulo munatuluka mayi wonyamula chikwama cha kumsika. Anachiika pansi, n'kukhala pampandopo, n'kumasula tsitsi. Anali a Sun-ja.

Wina akanalira ndi manyazi. Koma a Pyo, abale inu, anadzuka msana uli bwinobwino, n'kukuwa okha m'nyumba: "Tak wamunyengerera liti mkazi wanga?"

Chipatala sichinatsekedwe. Mpando wa uphungu anatenga Tak, ndipo sanachite kulimbirana: anthu a pachilumba ndiwo anakana kumvanso za a Pyo. Zimandipweteka ine, chifukwa munthuyu sanabepo kanthu pa udindo wake, ngakhale kamodzi.

Lero tsitsi la a Pyo lija linatha lokha ndi ukalamba. Amakhala pamzere wa chipatala chomwecho kudikira mankhwala a msana, umene tsopano ukupwetekadi, pambali pawo pali a Sun-ja, omwe sanalisiyenso tsitsi kuti likule.

"Tandiuza zoona, Sun-ja," amafunsabe. "Anakutuma ndani tsiku lija?"

"Palibe. Pampandopo panali dzina la bambo a mwana wanga, ndipo anthu ankaliwerenga."