Mauka amene ndinawaweta pansi pa matiresi

Zinayamba Lachiwiri lina mu Okutobala, ndili Fomu 3 pasukulu yogonera konko kufupi ndi Ngabu. Tili m'kalasi ya masamu ndinamva kuyabwa kumaliseche. Ndinasunthasuntha padesiki, ndinapempha kutuluka kawiri. Aphunzitsi anaganiza kuti ndikukonza chiwembu china, ndipo sindingawaimbe mlandu, poti mbiri yanga imadziwika.

Kumayambiriro kwa teremuyo ndinaanula mapanti asanu ndi awiri pachingwe cha kuhositelo n'kukawapachika pamtengo wa mbendera. Sukulu yonse inaimba nyimbo ya fuko itazolika. Anandilimitsa masiku atatu, koma mpaka lero ndikakumbukira ndimaseka ndekha. Vuto linali lakuti eni mapantiwo ankandidikira kuti abwezere, choncho anga ndinasiya kuyanika panja. Ndikachapa ndinkangofinya n'kubisa pansi pa matiresi, m'mawa n'kuvala asanaume. Onse anali anayiloni, ndipo kutentha kwa kuno mukukudziwa. Kutatsala sabata kuti kuyabwaku kuyambe, ndinamwanso makapusozi chifukwa cha dzino.

Pofika Lachinayi kunayamba kutuluka zoyera zolimba ngati chambiko, koma zosanunkha. Malowo anafiira n'kutupa, ndipo pokodza pankawotcha. Ndinayamba kusamba katatu patsiku ndi sopo wochapira zovala, mpaka m'kati. Zinaipiraipira.

Kwa ametroni sindinkafuna kupitako. Ndinkaopa kuti anena kuti ndi matenda opatsirana pogonana, n'kuimbira bambo. Bambo anali atanena kale kuti akadzangoitanidwanso kusukulu chifukwa cha ine, ndikaweta mbuzi kwathu ku Chapananga. Ndinauza mnzanga mmodzi yekha, Esinta wa ku Nsanje. Iye anati amenewo ndi mauka, ndipo azakhali ake amachita kudula ndi lezala n'kupaka mankhwala achikuda. Tinagwirizana zothawira kwa azakhaliwo Loweruka.

Lachisanu ndinalephera kumaliza mayeso a Jogalafe. Kukhala pansi kunakanika, ndipo lezala ija sinkachoka m'mutu. Ndinapita kwa ametroni n'kunama kuti ndikumva malungo. Anandipatsa chilolezo ndi buku langa lakuchipatala, ndinakwera kabaza nditakhala chammbali.

Kuchipatala ndinafika cha m'ma 9 koloko, ndinalowa dzuwa litapendeka. Pabenchi sindinakhalepo, ndinkangozungulira mtengo wa nimu. Anandibaya chala, malungo sanapezeke. Anesi, mayi wamkulu wovala magalasi, anandiyang'ana mmene ndinaimira n'kutseka chitseko.

"Mwanawe, malungo sayimitsa munthu chotero. Nena chimene wabwerera."

Ndinanena zonse, ngakhale za lezala. Anandifunsa ngati zotulukazo zikununkha, ngati m'mimba chakumunsi mukupweteka, ngati ndinagonapo ndi mwamuna, ndiponso ngati ndamwa mankhwala ena posachedwa. Atandiyeza anandifotokozera kuti m'thupi mwa mkazi aliyense mumakhala tizilombo tangati yisiti, tosavuta tikakhala tochepa. Timaswana pakakhala chinyezi ndi kutentha, kapena makapusozi akapha tizilombo tabwino timene timatiletsa kuchuluka. Anati matendawa amagwira ngakhale mtsikana amene sanadziwepo mwamuna.

"Palibe chodula apa. Ukanapita kumeneko ukanabwera ndi bala, mwinanso ndi matenda ena a palezala."

Anandipatsa mankhwala oika kumaliseche pogona ndi ena opaka kunja, n'kundiuza kuti ndimalize onse ngakhale kuyabwa kutasiya. Anati ndizisamba kunja kokha ndi madzi, ndizivala mapanti athonje ouma bwino padzuwa, ndipo zikamabwererabwerera ndidzapite akandiyeze shuga ndi magazi.

Buku lija ametroni analiwerenga. Ndinaima pakhomo pawo ndikuona kale mbuzi. Anangoti mauka anawavutapo nawonso ali mtsikana, n'kundiuza kuti ndizikayanika kuseri kwa nyumba yawo. Bambo sanaimbiridwe.

Patatha masiku atatu kuyabwa kunachepa, ndipo sabata itatha ndinali bwinobwino. Tsopano ndili Fomu 4 ndipo sizinabwererenso. Zibwana sindinasiye, musandifunse za chule amene anapezeka m'chikwama cha apulifeketi.

Atsikana anzanga, mukamva kuyabwa kapena kuona zachilendo zikutuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Matenda ena oopsa amayambanso chimodzimodzi, ndipo wosiyanitsa ndi amene wakuyezani. Ine ndimanama bwino kuposa aliyense pasukulu pano, koma ndikukuuzani kuti kwa anesi kokhako mukanene zoona.