Fungo la Kilatchi ya Bambo

Chimbale chakale cha kilatchi chinkakhala pakhonde pathu ku Chimwankhunda, chakuda, chosalala ngati sopo wotha, ndipo mayi ankatchingira nacho chitseko kuti mphepo isachimenyetse. Bambo anachichotsa m'galimoto yawo yofiira, yaliwiro ija, chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 3, n'kuikamo kilatchi ya magalimoto ampikisano yomwe anagula ku Ginnery Corner.

Amakaniko anawauza kuti yatsopano imafuna kuizoloweza: kunyamuka mofatsa, osaponda moto, osakwera chitunda ndi katundu, apo ayi ipsa n'kuyamba kuterereka. Basi, ife tinatsitsidwa. "Mukulemera," ankatero bambo, ine mwana wowonda ngati bango! Akaweruka ankatuluka okha kukaizoloweza, pang'onopang'ono ngati anyamula mazira, ine n'kumasuzumira pampanda, mtima ukuwawa. Ndinkadana nayo galimotoyo. Ankaipukuta ndi nsalu yofewa, ankatchera khutu kumva kulira kwake, koma ine ndikatsokomola ngakhale kutembenuka ayi.

Ndiye Loweruka lina anabwera nayo ikununkha. Fungo lopserera, lokanda pakhosi, ngati mphira wagwera pambaula. Pakachitunda kathu kakang'onoko injini inkangokuwa, galimoto osakoka. Ine ndinakondwera, ndinakavina kuseri kwa nyumba: mdani wanga wadwala!

Mayi sanaseke. Anaizungulira akununkhiza, mng'ono wanga wakhanda ali kumsana, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Pampando panali makoko a mtedza ndi kasokosi kamodzi ka mwana.

"Yapserera pachitunda cha ku Mpingwe imeneyi," anatero motsitsa mawu. "Munakwera angati, bambo a mwana?"

Bambo anati olakwa ndi amakaniko. Ife ku Mpingwe tinalibe wachibale.

Lero ndili ndi mwana wanga kumsana, ndipo amuna anga akangoti galimoto siili bwino, tsalani, ndimaima pageti mpaka abwere, ndimanunkhiza, ndimasuzumira m'mipando, sinditha kuleka. Koma tsiku lija ndinangotola kasokosi kaja n'kukayesa kuphazi la khanda lathu. Kanali kakakulu. Ndinakhala pansi pafupi ndi chimbale chija ndikudabwa kuti mayi, amene sankaikwera n'komwe, akuilirira chiyani galimoto imeneyi.