Kukajambula Jeki ku Mtakataka

Ndinanyamuka pa Dedza 7 koloko m'mawa, kamera ili m'chikwama. Ine ndimajambula maukwati, koma tsikuli ndinkakajambula galu. Mwana wamkazi wa a Gama, nkhalamba ya ku Mtakataka, anandiimbira foni kuti Jeki, galu wa bambo ake, walumidwa ndi galu wachiwewe. Mudzi unagwirizana kuti aphedwe, koma mkuluyo anapempha kuti ayambe wajambulidwa.

Minibasi ya K6,000 inatsetsereka Khwekhwerere mabuleki akununkha. Mayi wina wonyamula dengu la tomato atamva za ulendo wanga anaseka.

"Galu? Achimwene, ine chibadwire chithunzi changa n'cha pachiphaso chokha!"

Pa Golomoti kunja kunali kutatentha kale. Ndinagula chimanga chootcha, koma chinandikanika kudya. Ndinakwera minibasi ina yodutsa ku Mua, kenako kabaza wanjinga yamoto kuchokera pa Mtakataka.

Ndinafika masana. Amuna anayi anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, zibonga zili pambali. Jeki anamangidwa pa nkhokwe, bala lili paphewa, akugwedezabe mchira. A Gama anatuluka atavala jekete m'dzuwa lonselo, nakhala pa mpando chapatali pang'ono, poti anawaletsa kumugwira.

Chithunzi choyamba chinatuluka bwino. Ndili pafupi kunena kuti ndamaliza, ndinaona mmodzi mwa amuna aja akutola chibonga chake. 

"Dzuwa lachuluka," ndinanama. "Tidikire mthunzi."

Mthunzi utafika ndinati kwada. Ndinapukuta galasi loyera kale, ndinasintha batire lodzaza. Ola lathunthu linatha.

"Mwana wanga," a Gama anatero motsitsa mawu, "chithunzi chinatheka kalekale, ndakuonani. Zikomo. Anthuwa ali ndi ana, sakulakwa. Pitani msanga, musamve."

Ndinauza wakabaza kuti aliritse njinga mwamphamvu. Komabe ndinamva kulira kwa Jeki, kamodzi kokha.

Nditabwerera ku Dedza madzulo ndinaziona zithunzi zonse. Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira anthu kuti ayang'ane kamera, ndikuyesa kuti chithunzi chabwino ndi chimenecho. Jeki sanandiyang'ane ngakhale pa chimodzi. Pa zonse maso ake ali kwa a Gama, kudikira kuti amumasule.