Batani lofiira la atsibweni

Atsibweni anga ankayang'anira makina oumitsira tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje, ndipo ine ndinakulira m'nyumba yawo ya kampani, kulaini. Nditamaliza maphunziro, esiteti yomweyo inandilemba ntchito yosamalira makompyuta a m'fakitale. Atsibweniwo ankandinyadira, ngakhale ankandiseka kuti ntchito yanga ndi yongokhala pampando.

Tsiku lina masana, mvula ya mabingu ikutsika m'phiri, tiyi anapsa m'makina mpaka moto unabuka. Anthu anauzimitsa, koma makina anawonongeka. Mabwana anati atsibweni ankasinza pantchito. Iwo anakana, anati kutentha kutangokwera anadina batani lofiira lozimitsira makina, koma batanilo silinamvere. Tonse tinkadziwa kuti akapezeka olakwa, ntchito yatha, nyumba nayo yapita.

"Iwe mwana, si paja umati kompyuta imalemba zonse?" anandifunsa. "Pita ukawaonetse."

Ndinapita ndi mtima wonse. Pulogalamu ya makinawo inagulidwa kunja ine ndisanayambe ntchito. Inkagwira ntchito zingapo nthawi imodzi, zimene ife timati mathiredi. Thiredi ina inkawerenga kutentha, ina inkamvetsera mabatani, ndipo zonse zinkaponya uthenga wawo pamzere. Kumbuyo kunali thiredi yolemba, imene inkatola uthengawo n'kuusunga m'fayilo. Inkadikira kuti uunjikane kaye, kenako n'kulemba kamodzi.

Ndinatsegula fayilo ija. Kutentha kunali bwinobwino, bwinobwino, kenako zii. Mawu omaliza anadukira pakati. Za moto panalibe, za batani panalibe.

Pafakitale panali lamulo, chiyambire pamene mphenzi inatiotchera makompyuta: bingu likangogunda, kalaliki atseke pulogalamu, azule pulagi kukhoma. Tsikulo bingu linagunda utsi utangoyamba, ndipo kalaliki anachita zimene anauzidwa. Iye sindimuimba mlandu. Koma pulogalamuyo ikamatsekedwa inkangopha thiredi yolemba pomwepo, uthenga uli m'manja, ngati kuthamangitsa munthu pamtondo chimanga chisanaphwanyike. Amene anailemba, kaya ali kuti, mvula ya ku Mulanje sanaiganizireko. Zinandinyansa, ndipo mpaka lero zimandinyansa.

Ndinakafotokozera mabwana kuti kusowa kwa mawu m'fayilo sikutanthauza kuti munthu sanadine batani. Bwana wamkulu anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye ukutiuza kuti umboni palibe," anatero. "Komanso aja ndi atsibweni ako, eti?"

Nkhani inathera pomwepo.

Kukonza kwake, abale inu, sikunanditengere ndi tsiku lomwe! Ndinakonza kuti thiredi yolemba iziyamba zinzake zisanayambe. Potseka, zinzakezo ziziima kaye, kenako pamzere paziikidwa chizindikiro chakuti uthenga watha. Yolembayo izimaliza zonse zili patsogolo pa chizindikirocho, izitseka fayilo, ndipo pulogalamu iziidikira isanazime. Makina atakonzedwa ndinayesa: ndinadina batani lofiira, n'kutseka pulogalamu nthawi yomweyo. M'fayilo zinalembedwa, nthawi yake ndi zonse. Ndinakhala pampando paja misozi ikulengeza, chifukwa cha ukali.

Apo n'kuti atsibweni atachotsedwa ntchito, lole ya kampani itatuta kale katundu wawo. Anakatsikira ku Nkando, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amayi anga. Mipando yawo inagona panja, itafundidwa pepala la pulasitiki.

Loweruka ndinakwera minibasi kukawaona. Ndinawapeza pakhonde, atavala ovolosi yawo ya kuntchito, akusenda chinangwa. Ndinawauza kuti vuto lija ndalikonza, sizidzachitikanso.

"Ndiye tsopano kompyuta ija yalemba kuti ndinadina?"

"Ayi, atsibweni. Zimene zinatayika tsiku lija sizingabwerere."

Anapitiriza kusenda, osandiyang'ana.

"Chabwino, wagwira ntchito," anatero. "Idzathandiza amene walowa m'nyumba muja."