Maliro a Bambo a Pamwamba

Titasamukira ku Dennistoun, dera lina la mumzinda wa Glasgow, ine ndi akazi anga tinapeza malo m'nyumba zina zosanjikizana zamiyala yofiira. Pamwamba pathu pankakhala bambo ena achikulire, Mngerezi, okhaokha. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito yausiku kunyumba yosamalira okalamba, ndipo tulo tanga tinali tamasana. Koma masanawo ndi pamene iwo ankayenda. Kuchokera kuwindo mpaka kuchitseko, kubwereranso, ndodo ikugunda pansi, mawu akung'ung'udza ngati munthu wopemphera. Ndinapirira, kenako tsiku lina ndinakwera kukagogoda.

"Ndikusokosa eti?" anatero ndisanatsegule pakamwa. "Pepani kwambiri. Ndakatulo sindingathe kuilemba nditakhala pansi, imabwera ndikamayenda. Lowani, ketulo yawira kale."

Chinansi chathu chinayamba choncho. Anabadwira kumwera kwa England, m'katauni ka m'mbali mwa nyanja, ndipo anabwera ku Glasgow akadali mnyamata kudzaphunzitsa mbiri yakale payunivesite. Analemba mabuku akuluakulu onena za anthu oluka nsalu amene ankakhala kummawa kwa mzindawu, ndi za amphawi amene anafa ndi miliri n'kuikidwa m'dzenje limodzi popanda mwala. Mabuku awo a ndakatulo anali opyapyala, ochepa. Ankakonda kunena kuti mbiri yakale ndiyo inkawadyetsa, koma ndakatulo zinkawadya iwowo.

Tsiku lina ananditengera kumanda ena akale a paphiri, kuseri kwa tchalitchi chachikulu. Ankayenda pakati pa miyala ngati munthu woyendera abale, uku akundiuza kuti uyu ankagulitsa fodya, uyu anataya ana onse m'chaka chimodzi. Ine ndinkangowatsatira monyinyirika. Kwathu kumanda sitipitako kokawongola miyendo.

Akazi awo anamwalira kalekale. Pakhoma panali chithunzi chimodzi chokha, cha kamwana kakamuna kovala chipewa chaubweya. Za mwanayo ankandiuza pafupipafupi: mmene ankasekera, mmene ankaopera agalu. Za imfa yake anandiuza kamodzi. Nthawi imeneyo ankakhala ku Maryhill, dera lina la mumzinda womwewu, ndipo mwanayo anagwera m'ngalande ya madzi m'nyengo yozizira.

"Anali ndi ine," anatero, maso ali pa kapu ya tiyi. "Ndinkayenda patsogolo, ndikuganiza za chiganizo china chake chimene chinkandivuta. Chiganizocho ndikuchikumbukirabe."



Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, mayi a khomo loyandikana anatiuza kuti ambulansi yawatenga. Tisanakonze n'komwe zokawaona, tinamva kuti atisiya. Tinadikira uthenga wa maliro. Akazi anga anasita malaya anga akuda n'kuwapachika pachitseko. Uthengawo sunabwere. Pomaliza mayi omwe aja anatifotokozera kuti mtembo anauwotcha kale, popanda mapemphero, popanda anthu, chifukwa eniake anafuna choncho.

"Munthu wamkulu ngati uja, kungozimirira basi?" anatero akazi anga. "Popanda ngakhale womuimbira?"

Kuyambira pamenepo tulo tamasana tinandithawa. Pamwamba panali zii, koma ndikangoti ndisinze, ndodo ija inkagunda. Ndinkadzambatuka, kumvetsera, osamvanso kanthu. Akazi anga ankati ndi mapaipi a madzi otentha, koma ndinaona kuti iwonso anasiya kulowa okha kuchipinda masana. Kawiri konse ndinawaona bambowo pamalo okwerera basi, atatembenukira kwina. Ndikayandikira, anali munthu wina.

Loweruka lina mapazi anamveka ndithu, ndipo tonse tinawamva. Ndinakwera masitepe. Chitseko chinali chotsegula. Mkatimo mayi wina waimvi ankalongedza mabuku m'makatoni. Atatembenuka, ndinagwira khoma. Chipumi, mphuno, ngakhale kapendekedwe ka mutu, zonse zinali za malemuwo.

"Ndinu a pansipa?" anafunsa. "Ine ndine mwana wawo. Ndachokera ku England."

Zaka zonse zija ndikumwa nawo tiyi, sanandiuzepo kuti ali ndi mwana wamkazi. Nkhope yanga iyenera kuti inaulula, chifukwa mayiyo anaika buku pansi.

"Ankanditchula?"

Ndinayang'ana chithunzi cha pakhoma chija.

"Musavutike kufunafuna mawu," anatero, mosakwiya. "Uyo ndi mlongo wanga wamng'ono. Tsiku limenelo ine ndinatsala kunyumba ndi chimfine. Bambo atabwerako kungalande kuja, analowa m'chipinda chawo cholembera n'kutseka chitseko, ndipo kunena zoona sanatulukemonso. Ndinawerenga ndakatulo zawo zonse, ndikudzifunafuna. Mlongo wanga alimo paliponse. Mayi alimo. Ngakhale mphaka wathu ndinamupezamo."

Pamenepo akazi anga anali atafika pakhomo. Anamva zonse. Anavula nsapato, anayala chitenje pansi pakati pa makatoni, n'kukhala atatsamira khoma, miyendo atatambasula, monga amachitira amayi pasiwa.

"Akutani?" mayiyo anandinong'oneza.

"Akukhala maliro a bambo anu."

Mayiyo nayenso anavula nsapato n'kukhala pambali pawo. Akazi anga anayamba nyimbo ya m'buku, chapansipansi, ine ndikuthira besi nditaima pawindo. Mayiyo sanalire. Anangogwira dzanja la akazi anga mwamphamvu moti zala zinasiya zizindikiro. Tinakhala choncho mpaka magetsi a mumsewu anayaka.

Mmawa mwake anagogoda kwathu kudzatsanzika. Anali ndi sutikesi ndi chikwama cha nsalu, chonga chogulira zinthu kusitolo. M'chikwamamo munali botolo lobiriwira lapulasitiki, lotseka bwino.

"Phulusa lawo," anatero. "Anapempha kuti ndikalimwaze ku Maryhill, pangalande paja. Ndidzachita zimenezo, koma osati tsopano. Ndikupita nawo kwanga. Akhaleko ndi ine pang'ono."

Ndinamuperekeza kusiteshoni. Iye anakoka sutikesi, ine ndinanyamula chikwama. Chinali cholemera kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo chinkandigunda pabondo poyenda. Kumudzi ndinanyamulapo mabokosi a maliro ambiri, paphewa, tili gulu, tikulandizana, amayi akuimba kumbuyo. Apa ndinali ndekha, ndi dzanja limodzi, ndikudikira kuti loboti isinthe pakati pa anthu opita kuntchito. Bambo wina anandigunda ndi ambulera n'kupepesa, osadziwa kuti wagunda anthu awiri.

Sitima itafika, mayiyo analandira chikwamacho n'kuchikhazika pampando wa kuwindo. Iye anakhala pampando woyandikana nawo.