Tsiku limene ndinasesa osawaza madzi

Dzulo ndinatulutsa buku lakale pansi pa bedi, n'kuliuzira fumbi nditayang'ana kumene kumachokera mphepo. Lonse linandibwerera kumaso. Mabuku onse ndawerengawa, nzeru yake imeneyi! Ndili mkati moyetsemula, fungo lija linandibweza kwathu ku Maganga, ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Mayi anali ndi mphumu. Chilimwe chimenecho anagonekedwa kuchipatala sabata yathunthu, bambo akuwadikirira komweko. Pakhomo tinatsala ine ndi nkhuku. Nditamva kuti akubwera, ndinafuna kuti apeze m'nyumba mosamalika. Ndinasesa ngodya zonse, ndinakutumula mphasa ndi matumba a mpunga, chitseko nditatseka kuti mphepo isalowetse zinyalala. Zoti ndiyambe ndawaza madzi pansi, monga ankachitira iwo, sindinazikumbuke.

Mayi anatsika panjinga ya bambo, n'kundisisita kumutu. Atangolowa m'nyumba, chifuwa chawo chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Anagwira chitseko, kukamwa kuli yasa, mpweya osalowa. Bambo sanandikalipire. Anangowakwezanso n'kutembenuza njinga kubwerera kuchipatala.

Ndinatsala pakhonde, tsache lili m'manja, ndikuyang'ana mzere wa matayala pamchenga.

Patapita nthawi, mayi a nyumba yoyandikana nafe anabwera ndi ndowa ya madzi. Anasuzumira m'nyumba, fumbi likuyandamabe m'kuwala kwa pawindo, kenako anayang'ana ine, ndili mbuu ngati ndachokera kuchigayo.

"Wasesa bwino, mwanawe," anatero. "Bwera, viika dzanja umu. Tiwaze, kuti mayi ako akabweranso adzapume."