Chaka Chimene Chitsime Chathu Chinanunkha Gazolina

Mpaka lero ndikaima pa bomba yomwetsera petulo n'kumva fungo la gazolina, ndimakumbukira tiyi wa kwathu ku Namacula. Musaseke. Chaka chimene ndinali kalasi yachinayi, m'chisanu chija cha Juni pamene nkhungu imakuta Lichinga mpaka dzuwa litakwera, chitsime cha pakhomo pathu chinayamba kununkha ngati thanki ya njinga yamoto. Pamwamba pa madzi pankayandama timafuta tonyezimira, tobiriwira ndi tofiirira, ndipo ine ndinkati n'tokongola. Amayi anayesa kuwiritsa, kusefa ndi kansalu, kufinyiramo mandimu, koma tiyi ankangomveka galaja. Mng'ono wanga Lusiya atayamba kudandaula m'mimba, madzi akumwa tinayamba kukatunga kwa azakhali ku Sanjala, ndipo wosenza chigubu ndinali ine.

Kuseri kwa mpanda wathu wansungwi kunali bomba yakale yamafuta, ndipo anthu ankanong'ona kuti thanki yake yapansi yabooka. Tsiku lina asekeletariyo a bairo, amene ankayang'anira dera lathu, anabwera ndi mayi wina wovala jombo ndi chipewa cholimba, amene tonse tinkangowatchula kuti a Enjinyeira. Analongosola kuti atenga madzi ndi dothi pakhomo lililonse kukayeza, ndipo nyumba zimene madzi ake apezeke oipa azikokera mpopi. Mpopi! Zina zonse zimene ananena zinangondidutsa, ndinatsala pang'ono kuvina.

A Enjinyeira anatunga okha, kudzaza timabotolo titatu tagalasi, kutilemba manambala, n'kutiika m'bokosi lozizira pakhonde pathu. Kenako anapita kuseri ndi anzawo kukaboola nthaka ndi chitsulo chopota, n'kumanunkhiza dothi lofiira lija ngati akugula fodya. Apo m'pamene amayi anatsegula bokosi, kununkhiza botolo limodzi, n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Alendo anyamule zimenezi kupita nazo ku ofesi, akati zachokera pakhomo panga? Rozita, bweretsa chigubu cha ku Sanjala."

Ndinabweretsa. Anakhuthula timabotolo tonse, kutitsuka ndi sopo ndi phulusa, kuthiramo madzi oyera mbee, n'kutibwezera mwaulemu wake. Alendo pochoka anapatsidwanso mbatata zam'munda.

Patapita milungu ingapo, asekeletariyo anawerenga mayina pansi pa mtengo wa bulugamu. Kwa a Saide, mpopi. Kwa a Bwanali, mpopi. Ngakhale kwa a Mateusi, amene chitsime chawo chinali kutali uko. Nanga ife? Pepala linati madzi athu ndiwo abwino kuposa onse m'bairo, ife amene tinkagona moyandikana ndi thanki yeniyeniyo! Anansi anayamba kubwera ndi ndowa kudzapempha madzi otchukawo, n'kumabwerera atagwira mphuno. Ndinalira ndi ukali weniweni, chifukwa khosi langa linali litatopa nayo njira ya ku Sanjala.

A Enjinyeira anabweranso ndi mapepala awiri m'manja. Anati dothi lathu lapezeka lodzaza mafuta, koma madzi ngati ogula m'sitolo, ndipo chiyambire ntchito yawo zoterezi sanazionepo. Amayi ankangosenda mbatata, maso pa mpeni. Ine pakamwa panandiyabwa.

"Madziwo ndi a ku Sanjala aja. Amayi anatsuka ndi mabotolo omwe."

Diso limene amayi anandiponyera ndimalimvabe pamsana. A Enjinyeira anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa, kenako anatunganso, ndipo ulendo uno bokosi lija analikhalira mpaka galimoto itafika.

Mpopi unabwera chisanu chisanathe. Tsiku lomwelo amisiri anatseka chitsime ndi simenti, ine ndili kalikiliki kutsegula ndi kutseka madzi, kuitana ana onse a mumsewu kuti adzaone. Amayi anakhala pakhonde tsiku lonse osauyandikira n'komwe mpopiwo, ndipo ndinkati andikwiyira chifukwa chowachititsa manyazi pamaso pa mlendo. Ndinali wamkulu kale pamene azakhali anandiuza kuti chitsimecho anakumba ndi malemu abambo anga, okha, ndi khasu ndi ndowa, amayi akukoka dothi ali ndi mimba yanga. Tsiku loyamba lija a Enjinyeira ananenanso kuti chitsime choipa chidzatsekedwa, ndipo amayi, pokhuthula timabotolo tija, anali atamva bwino lomwe. Amene sanamve ndinali ine.